Anang'omba a ku Area 11

Old Town, Lilongwe
13 Okutobala 1974

Alongo anga a Zelifa,

Ndayamba ndi moni. Muli bwanji kumeneko ku Mphanje, inu, alamu ndi ana? Nanga abambo, chifuwa chija chinaleka? Ine kuno ndili bwino, kungoti fumbi. Ukasamba m'mawa, pofika masana umaoneka ngati wachokera koumba njerwa.

Ntchito ija ndaipeza. Ndalembedwa kwa a gemu, oteteza nyama zakutchire. Musaseke, ndikudziwa mufunsa kuti m'tauni muli nyama zanji. Nkhalango ija ya m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi aisiya osadula, ndipo muli agwape, mbawala, apusi ndi ng'ona. Ife timayenda m'menemo kuchotsa misampha ndi kubweza odula mitengo. Akulu athu ndi a Orton Gondwe a ku Rumphi, munthu wosakweza mawu. Akuti ndikaonetsa khama pa miyezi yoyesedwayi adzanditumiza ku Kasungu kukaphunzira ntchitoyi mokwanira.

Mudzi wathu wakale simungauzindikire. Pamene panali khola la a Jobu padutsa msewu wa tala. Pamunda wa malemu amayi amangapo nyumba zoyera za mabwana amene akusamuka ku Zomba, akuti Area 11. Mawindo ake ndi aakulu ngati zitseko, magalasi kufika pansi. Manda okha ndiwo sanawakhudze.

Koma chandilembetsa kalatayi ndi ichi. Lachitatu m'mawa ndikudutsa kumandako ndinamva guu-gu, gu-gu-gu, kuchokera pansi ngati ng'oma ya kutali. Alongo, anang'omba athu alipo! Onse asanu, akuda bii, makosi ofiira psuu, akuyenda pang'onopang'ono pakati pa milu ya njerwa ngati akulu a mpingo akuyendera munda. Thirakitala inali kubangula chapafupi, iwo osatembenuka n'komwe. Ife anatikweza pa lole ndi mbuzi zathu, koma iwowa palibe anawauza kuti mudzi wasamuka. Ndinavula chipewa osadziwa kuti ndavula.

A Gondwe akuti mbalamezi zikutha m'dziko muno chifukwa zimalera mwana mmodzi yekha, kenako zaka n'kumapita. Muwauze abambo. Ndiyankheni msanga, ndimve za kumeneko.

Ine mlongo wanu,
Lemson

Mphanje, Mchinji
27 Okutobala 1974

Mlongo wanga Lemson,

Moni wako tamulandira. Tonse tili bwino, ndipo ana akuti malume awagulire mpira. Alamu ako akuti popeza uli kwa a gemu, ndiye kuti ndiwo zatha kuvuta, utumizeko ka mwendo ka gwape. Ndawauza kuti iwe ndiwe womanga anthu odya gwape, ndiye akuti basi ukwati uno analowa molakwika.

Kalata yako ndinawawerengera abambo pakhonde. Za ntchito anangoti "chabwino." Koma nditafika pa anang'omba anandiimitsa, akuti bwereza. Ndinabwereza katatu mpaka pakhosi kuuma. Iwe ukudziwa kuti chisamukireni abambo sagwira khasu ndi mtima wonse. Dothi la kuno amalinena kuti ndi lachilendo, madzi ake akuti sakoma. Tsiku limenelo anadya bwino, ine ndinasangalala mpaka misozi.

Akufunsa kuti kodi wamkazi uja, wa banga lobiriwira pakhosi, walowa kale m'mphako ya mkuyu wa kumanda? Akuti akalowa ndiye kuti mvula yayandikira, ife tikonzeke kubzala. Akutinso agogo awo anawapeza anang'ombawo akugwiritsa ntchito mphako yomweyo, ndiye uziwapatsa ulemu, usamawaloze ndi chala.

Ukapeza wobwera kuno utitumizireko sopo. Wa kusitolo ya kuno sachita thovu.

Ine mlongo wako,
Zelifa

Old Town, Lilongwe
24 Novembala 1974

Alongo anga,

Moni nonse. Sopo ndapatsira a kondakitala a basi ya Lachisanu, mukafunse pa siteji. Abambo muwauze kuti wamkazi walowa m'mphako. Anayi otsalawo akumamutengera chakudya. Amabwera atandanda, wina buluzi kukamwa, wina ziwala zodzaza mlomo, wamphongo wamkulu njoka yathunthu ikulendewera. Amafika mmodzimmodzi osalimbirana. Ndimaima patali mpaka kuiwala kuti ndili pa ntchito.

Koma zinthu zavuta. Wamphongo uja akadutsa pa nyumba zatsopano amadziona m'galasi, n'kumayesa kuti ndi mdani wabwera kudzalanda dera lake. Amamenya ndi mlomo uja ngati nkhwangwa, galasi phwaa! Aswa mawindo m'nyumba zingapo. Kwa mayi Lucy Mhango, anamwino amene angofika kumene kuchokera ku Zomba, anaswa la kuchipinda kwa ana, zidutswa kugwera pabedi mwana ali pomwepo. Mayiwo anabwera ku ofesi kwathu kudzadandaula, ndipo ine sindikuwada, mwana ndi mwana.

Madandaulo akwera mpaka kumtunda. Lamulo labwera loti mawindo akapitiriza kusweka pofika Januwale, pamene likulu likutsegulidwa, anang'omba onse aomberedwe. Woti awombere ndine, poti derali ndi langa. A Gondwe anandipatsa mfuti ndi zipolopolo osandiyang'ana kumaso. Ndinawafunsa kuti kodi ntchito yathu si yoteteza? Iwo anati, "Ndi yomweyo, Lemson. Ndiye peza njira ndisanakakamizike kukutuma." Ndikakana, ntchito yatha, ndipo atuma wina wosawadziwa n'komwe.

Pali kanthu kamodzi kakundipatsa chiyembekezo. Amisiri akamaika magalasi atsopano amawapaka laimu kuti anzawo onyamula matabwa asawombepo. Ndaona kuti nyumba zimene laimu sanatsukidwe, palibe ndi imodzi yomwe yaswedwa. Galasi likachita mbuu, mbalame siidziona. A Gondwe andipezera ndowa, burashi ndi kalata ya ofesi. Tsopano ndikuyenda khomo ndi khomo kupempha mabwana kuti ndiwadetsere mawindo awo atsopano. Ena amandiseka, ena amaitana agalu. Koma mayi Mhango anati, "Pakani, koma musiye kampata m'mwamba tizionera kunja." Ndi iwonso amene akunyengerera akazi anzawo.

Za mfutizi kaya muwauze abambo kaya ayi, muone nokha.

Lemson

Mphanje, Mchinji
8 Disembala 1974

Lemson,

Moni. Sopo wafika, zikomo. Tabzala, ndipo chimanga chamera bwino.

Iwe umawadziwa abambo. Ndinayesa kulumpha ndime ya mfuti ija, iwo anati, "Pamenepo wapuma motalika, werenga zonse." Ndinawerenga. Za laimuzo sanazimvetse, akuti mwana wanga anapita kusukulu kuti azikazira nyumba za eni ngati mkazi? Koma za mfuti anazimva bwino lomwe, ndipo mawu awo ndi awa, ndikulemba monga ananenera: "Kwathu nang'omba saphedwa. Akafa yekha timamukulunga m'nsalu yoyera n'kumuika ngati munthu. Womupha amaitana mvula yosakata, ndipo pakhomo panga sadyapo. Ntchito zilipo zambiri, abwere tizidzalima."

Mlongo wanga, ine ndili ndi mantha. Ntchitoyo ndikuifuna, ndiwe woyamba kubanja kwathu kuvala yunifolomu. Koma abambonso ndi amodzi okha. Paka laimuyo mpaka manja asupuke.

Zelifa

Old Town, Lilongwe
5 Januwale 1975

Alongo anga,

Moni wa chaka chatsopano, ngakhale ndikulemba ndi mtima wosweka. Wamphongo wamkulu uja wafa. Sindinamuphe ine, ndipo chonde mawu amenewa muyambe ndiwo powawerengera abambo.

Mwezi wonse wa Disembala sikunasweke windo ndi limodzi. Mvula ikatsuka laimu ndimapakanso. Mzere wonse wa nyumba unali mbuu ngati odwala maso, alendo ankaima kufunsa kuti kodi ndi fasho ya ku likulu. Koma panali nyumba ina yakumapeto imene mwini wake anali asanafike. Wantchito wa pamenepo atamva kuti bwana akubwera mawa lake ndi katundu, anachita zimene wantchito wabwino aliyense akanachita. Anatsuka mawindo onse mpaka kuwala ngati madzi. Za anang'omba palibe anamuuza, poti anali atangolembedwa kumene.

M'mawa ndinamva kusweka ndili kumsewu. Ndinathamanga, koma ndinapeza galasi lamudula pakhosi, pofiira paja. Anali chigonere pa kapinga, mapiko atatambasuka. Alongo, ine sindinkadziwa kuti nthenga za kunsonga kwa mapiko ake ndi zoyera chotero, ngati zochapidwa. Ndinamugwira mutu. Ali ndi nsidze zazitali ngati za munthu, ndipo anandiyang'ana mpaka diso linazima. Wantchito uja analira kuposa ine.

Ndinamunyamula kupita naye ku ofesi, mfuti ili paphewa poti lamulo silindilola kuisiya. Kulemera kwake ngati mwana woyamba kuyenda. A Gondwe anawerenga zipolopolo zanga n'kupeza zonse zilipo. Ena amafuna kuti amuumitse akamuike poonetsera alendo, koma nditawafotokozera mwambo wa kwathu a Gondwe anati, "Mutenge, ine sindinaone kanthu." Nsalu yoyera ndinalibe, ndiye ndinamukulunga m'malaya anga a kutchalitchi aja. Ndamuika kumanda kwathu, patsinde pa mkuyu.

Tsopano imvani chodabwitsa. Ndinkayesa kuti wamkazi ndi kamwana kamene kaswa m'mphakomo afa ndi njala. Ayi ndithu. Atatu otsala aja, amene ndi ana ake a zaka zam'mbuyo, tsiku limenelo anangoima pa kapinga paja osadya. Mawa lake anandanda ngati kale, aliyense chakudya kukamwa, wamkulu mwa iwo ali patsogolo.

A Gondwe alembera akumtunda kuti woswa mawindo wafa, otsalawo asiyidwe malinga laimu azipakidwa mpaka mwana atuluke. Yankho silinabwere. Sindingachoke kuno ngakhale tsiku limodzi.

Ine,
Lemson

Mphanje, Mchinji
19 Januwale 1975

Lemson,

Moni ndikupatsa chifukwa ndi mwambo, koma mtima wanga suli pamalo. Chilembere Novembala uja sitinalandire kalikonse kuchokera kwa iwe. Kalata ino ndapatsira a Jobu pamanja, poti galimoto ya makalata yasiya kufika. Mlatho wa kuno unakokoloka.

A Jobu, paja ndi alonda ku Area 11 komweko, anabwera kudzaona ana awo, anachita kuwoloka mtsinje madzi ali m'khosi. Anena pamaso pa anthu kuti anakuona ndi maso awo, mfuti paphewa, nang'omba wakufa m'manja, magazi ali chuchuchu pa yunifolomu. Akuti anakuitana, iwe osacheuka. A Jobu si munthu wabodza, Lemson, ndipo ponena anali kulira.

Ndipo mvula, mayo ine! Chiyambireni chaka sinakate. Chimanga chachita chikasu, nyumba ziwiri zagwa, nkhokwe ya alamu ako yanyowa mpaka pansi. Anthu akadutsa pakhomo pathu salonjera. Kuchitsime akazi amasiya nkhani ndikafika. Dzana mwana wanga Elube anabwera kusukulu akulira, anzake akuti malume ako ndi amene atibweretsera njala.

Lamulungu lapitali, anthu atatuluka m'tchalitchi, abambo anaimirira pansi pa mtengo wa mango n'kunena mokweza kuti, "Imvani nonse. Ine Zikhale ndinabala mwana mmodzi, wamkazi. Winayo sindimudziwa." Pakhomo pano dzina lako latsekedwa. Chithunzi chako cha yunifolomu unatitumizira chija ndachibisa m'sutikesi.

Ine sindikudziwa choti ndikhulupirire. Ngati unachita, undiuze, ndine mlongo wako, sindingakutaye. Ngati sunachite, bwanji uli chete?

Zelifa

Mphanje, Mchinji
9 Febuluwale 1975

Mlongo wanga,

Moni, ndipo undikhululukire, ndikulemba mothamanga kuti galimoto ya makalata isandisiye. Mlatho aukonza. Lero m'mawa a hedimasitala anditumizira makalata ako awiri pamodzi, ya pa 5 Januwale ndi ina yoyankha ija ndinapatsira a Jobu, onse atafufuma ndi chinyontho. Ndawerenga nditaimirira pabwalo, kenako ndinakhala pansi m'matope momwemo. Kalanga ine, mwana wa amayi, unali wekha ndi zonsezi!

Koma abambo kulibe. Ananyamuka dzulo ndi basi yoyamba kudutsa pa mlatho. Anasinthitsa tambala wawo ndi nsalu yoyera kwa amwenye a pa boma, akuti akukafuna mafupa a nang'omba kuti akawaike mwa mwambo, mvula ileke kupha anthu osalakwa. Akuti kwa iwe safikako, akafikira kwa a Jobu. Chifuwa chija chayambiranso, ndipo Lilongwe wa lero samudziwa, adzasochera pa misewu yanu yozungulira ija.

Uwafunefune kumanda. Akakutukwana usayankhe. Ine kalata yako ndikaiwerenga pansi pa mango pomwe paja Lamulungu likudzali, afune asafune.

Zelifa

Area 11, Lilongwe
23 Febuluwale 1975

Mwana wanga Zelifa,

Ndine bambo wako. Dzanja ndi la wina koma mawu ndi anga, ndipo ndamuuza wolembayu kuti asachotsepo kapena kuonjezapo, ndikamupatsa Jobu andiwerengerenso.

Moni kwa iwe, apongozi anga ndi adzukulu. Ndamva kuti mvula yakata. Chimanga chimene chapulumuka muchipalire.

Ndinafika bwino. Basi inanditsitsa ku Old Town, ndipo kuchokera pamenepo ndinayenda wapansi kutsata mtsinje, poti mtsinje wokha ndiwo sanausunthe. Dziko lathu alisenda ngati mbatata. Ndinaima pamene ndinabadwira, pali chitsulo choyatsa magetsi. Ndinalowa kumanda, ndinawapeza amayi ako ali bwinobwino, pamanda pawo polambulidwa. Patsinde pa mkuyu ndinapeza kamtumbira katsopano, kozungulidwa ndi miyala, mutu kuloza koyenera. Ndinadziwa kuti woika maliro amenewa anaphunzitsidwa ndi ine. Ndili chiimire anatulukira munthu wowonda, ndowa kumanja, laimu mpaka m'tsitsi, zala zosweka ngati mapazi a m'chilimwe. Anagwada patali. Ine ndinayang'ana kumbali.

Amene anandifotokozera zonse ndi mayi wina wa kumpoto, a Mhango, pamodzi ndi wantchito amene anatsuka galasi uja. Jobu naye wapepesa, akuti diso linaona koma silinafunse. Mayiwo anandipatsa tiyi m'kapu ya mbale yake, ine wa zigamba. Kenako anati, "Agogo, mawa mubwere kusanache, mudzaone alendo anga."

Zelifa, tamvera. Ine ndakalamba ndikuona anang'omba, koma nthawi zonse patali, ngati uko kuli chitsime chathu. Ukayandikira amachoka. Agogo anga sanawayandikirepo, abambo anga chimodzimodzi. Mawa lakelo a Mhango anandikhazika pampando m'nyumba, kuseri kwa galasi lopakidwa laimu, pamene anakanda kampata kongokwana maso awiri. Kunja kukuyera ndinamva kulira kuja, galasi mpaka kunjenjemera, ine ndikumvera m'chifuwa. Kenako anatulukira pa kapinga. Wotsogolera anabwera mpaka pawindo, pafupi moti pakadapanda galasi ndikadamukhudza. Anapendeketsa mutu. Diso lake ndi lotuwa ngati madzi a pamwala, nsidze ngati za namwali. Anaphethira kamodzi, pang'onopang'ono. Kukamwa anali atanyamula nanzikambe ndi ziwala ziwiri, za amake ndi mng'ono wake. Sanamenye galasi. Anangotembenuka n'kumapita kumkuyu, anzake pambuyo. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ine ndaona a nang'omba. Ndinalira pamaso pa mkazi wa eni, ndipo sindikuchita nazo manyazi.

Bwana wa a gemu, a Gondwe, anabwera dzana ndi pepala. Akuti akumtunda avomera, otsalawo saphedwa, mfuti yabwezedwa ku ofesi. Akutinso wa ndowayu apita ku Kasungu kukaphunzira mwana wa nang'omba akatuluka m'mphako. Anandifunsa za mbalamezi mpaka dzuwa kupendeka, akulemba zonse, ndipo nayenso anandiuza zambiri zimene sindinkadziwa. Nsalu ija ndawapatsa a Mhango, aitchinga pawindo la ana kunja kwake, poti mvula imatsuka laimu koma nsalu siitsuka.

Ine sindibwera msanga. Kamwanako kayamba kusuzumira pa mphako, mlomo wotuwa, ndipo ndikufuna ndikaone katsika pansi. Masana ndimagwira ndowa, winayu akupaka. Tikugona chipinda chimodzi ku Old Town, iye pansi ine pabedi. Timadya mbale imodzi. Koma chifikireni sindinamutchule dzina, pakamwa pakulemera, ndipo iye sanandifunse kanthu.

Tsono pali mawu amene ndinanena pansi pa mango. Ndinawanena mokweza, ndiye ayeneranso kubwezedwa mokweza. Lamulungu ukaime pomwepo anthu akamatuluka, uwerenge ndime inoyi, usathamange. Ine Zikhale ndinalakwira magazi anga. Ndili ndi ana awiri. Wolembayu waima, akuti inki yatha, koma ndikuona botolo lili lodzaza. Lemba, iwe, usandiyang'ane. Lemba kuti Lemson ndi mwana wanga. Ulembenso kachiwiri, mwina chinyontho chingafufute poyambapo. Lemson ndi mwana wanga.

Ine bambo wako,
Zikhale

Wolemba ndine mwana wawo,
Lemson